Changu Akana Kulanda Chikolopa

1. Manja othamanga

Dzina lakuti Changu anamupatsa ndi anthu oyandikana nawo nyumba, ndipo linamukhala bwino. Mtsikanayu ankaphunzira kusekondale, koma mbiri yake inkachokera pakhomo. Amayi ake akangogwira tsache, iye anali atafika kale kudzalanda. Akati adzuke kukamwa madzi, kapu inali itafika kale m'manja mwawo. Makolo a m'nyumba zina akamakalipira ana awo aulesi ankatchula iyeyo, moti anawo sankamukonda kwenikweni.

Pakhomopo ankakhala awiri okha. Bambo ake ankayendetsa lole ya katundu m'misewu yakutali, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Amayi ake anali telala. Makina awo anali a mota, ndipo ankakhala pakona ya pabalaza, pafupi ndi zenera. Sizasi, ulusi, tepi yoyezera, simbi ndi foni, zonse Changu ankaziika pamene dzanja la amayi likanafika iwo osadzuka.

Tinene zoona, amayiwo ulemu umenewu ankaumva kukoma. Ankakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo zimene zinkagwira ntchito pathupi lawo zinali manja ndi pakamwa basi. Thupi linayamba kubwera. Makasitomala ankati, "Mwanenepa bwino, mayi. Zikuoneka kuti pakhomo pano pali mtendere." Iwo ankaseka n'kuloza mwana wawo.

Tsiku lina anadzuka kuti ayeze kasitomala m'chiuno. Anamva chizungulire, anagwira tebulo, kenako anagwa pansi tepi ili m'manja. Changu anachita mantha amene anali asanachitepo. Kasitomala uja anathandiza kupeza galimoto, ndipo anathamangira nawo kuchipatala.

2. Zimene anesi ananena

Anesi amene anawalandira anali mayi achikulire, osadziwa kuzungulira polankhula. Atawayeza magazi ndi kuwakweza pa sikelo, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri, ndipo shuga wayamba kukwera. Thupi ili lakula kuposa mphamvu ya mtima wanu. Mankhwala ndikupatsani, muzimwa osadumphitsa. Mchere, mafuta ndi shuga wa mu tiyi muchepetse. Koma mankhwala okha sangakunyamuleni. Ndaona amayi ambiri a msinkhu wanu akulowa pakhomo ilo akuyenda okha, n'kudzabweranso atanyamulidwa, mbali imodzi itafa, pakamwa patapindika. Ena amadzuka, ena sadzukanso. Lero mwagwa n'kudzuka. Musayese kuti zizitero nthawi zonse."

Amayi anaweramitsa mutu. Anesi anafunsa kuti, "Kodi ntchito za pakhomo amagwira ndani?"

Apa amayi anadzutsa nkhope monyadira. "Ndi mwana wangayu. Ine sindikhudza ngakhale sipuni."

"Ndiye amene ndikufuna kulankhula naye ndi ameneyu," anatero anesi, n'kutembenukira kwa Changu.

"Mwanawe, wachita bwino kukonda amayi ako, ndipo usaleke. Koma uleke kuwalanda tsache. Sindiwauza kuti azikathamanga mumsewu, chifukwa ndikudziwa kuti sapita. Ntchito zimene zili m'nyumba mwanu n'zokwanira. Asese, akolope, achape, atunge madzi, ndipo pa ntchito iliyonse awonjezerepo kamphamvu kuti thukuta lituluke. Ayambe pang'onopang'ono. Akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, akhale pansi ndipo mubwere kuno msanga. Koma akangoti atopa, usathamange. Kutopa kwa ntchito za pakhomo sikupha munthu. Anthu adzakunena kuti wayamba ulesi. Uwasiye anene, iwe udzakhala ndi amayi."

Pobwerera kunyumba, amayi anagwira dzanja la mwana wawo. "Nkhani iyi ithere pakati pa iwe ndi ine. Bambo ako akamva, aziyendetsa lole maganizo ali kuno, ndipo msewu sufuna zimenezo. Azakhali akonso asamve, chifukwa pakamwa pawo umapadziwa."

Changu analonjeza kuti sauza munthu.

3. Nyumba itembenuka

Changu anayamba ndi makina. Anachotsa mota n'kubwezerapo lamba wakale, kuti amayi azipalasa ndi miyendo monga ankachitira asanagule motayo. Simbi anaisamutsira kuchipinda, kuti msoko uliwonse ukafuna kusita, amayi azidzuka. Foni anaiika pamwamba pa kabati kukhitchini. Ikalira, amayi ankayang'ana mwana wawo, mwanayo n'kuyang'ana buku.

Ndowa yaikulu anaibisa, n'kusiya kandowa kakang'ono kuti maulendo a kumpope wa panja achuluke. Mopu wa ndodo anauika kuseri kwa chitseko, ndipo amayi anabwerera ku chikolopa cha m'manja, chija chofuna kugwada ndi kudzuka. Poyanika zovala, beseni ankalisiya pakhonde, kutali ndi chingwe, kuti chovala chilichonse chikhale ndi ulendo wakewake. Buledi anasiya kugula pa golosale ya pafupi. Ankapita awiriwo wapansi kusitolo ya kumtunda, ndipo thumba ankanyamula ndi amayi.

Masabata oyamba anali owawa. Amayi ankafika pakhonde ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Iwe, kodi ndinakubereka ndine kapena ndinachita kukutola?" ankafunsa. "Mayi ako akutha ndi kandowa, iwe uli phee."

"Anesi anati kutopa sikupha, amayi."

"Anesiwo abwere adzatunge okha."

Changu ankaseka, koma mumtima zinkamupweteka. Manja ake anali atazolowera kuthamanga, moti nthawi zina ankachita kuwakhalira. Kuphika ndi kutsuka mbale zinali ntchito zakebe, ndiponso zolemera zonse monga kusuntha kabati. Koma zimenezi anthu odutsa sankaziona. Iwo ankaona mayi akukolopa khonde, mwana ali ndi buku.

Patapita miyezi, amayi anayamba kukwera chitunda cha kusitolo osaima panjira. Mapazi analeka kutupa. Tsiku lina anatenga siketi yawo n'kuibweza m'chiuno, uku akuimba. Koma kunja nkhani inali itayamba kale. Anthu omwe aja ankati "mwanenepa bwino" tsopano ankati, "Mwaonda, mayi. Kwagwanji?" Mawuwo ankawawawa amayi. Choipa kwambiri n'chakuti mayi wina woyandikana nawo, amene ankadziwa za m'nyumba zonse kupatula yake, anali ndi nambala ya foni ya azakhali a Changu.

4. Azakhali afika

Azakhali anali mlongo wawo wa bambo a Changu. Anali mayi athupi, olankhula mokweza, ndipo ana awo ankadzuka akangomva kutsokomola kwawo. Anafika Loweruka m'mawa osanena, sukulu itangotsekera kumene. Takisi inawatsitsa pageti penipeni, chifukwa kuchokera pamsewu kufika pagetipo ankati ndi patali.

Anapeza zomwezo anauzidwa. Mlamu wawo anali chogwada pakhonde, chikolopa chili m'manja, kandowa kali pambali. Changu anali pampando ndi buku la sayansi.

Changu analumpha kukalandira chikwama, koma azakhali anachikaniza.

"Usandigwirire. Manja akowo asunge, ndaona kuti ndi odula."

Analowa m'nyumba n'kukhala pa sofa. Moni anayankha wa pakamwa chabe. Anayang'ana mlamu wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Alamu, thupi lija lapita kuti? Achimwene akabwera adzati tinakusiyani ndi njala."

"Ndili bwino, alamu," anayankha amayi mwamanyazi.

"Muli bwino mukukwawa pansi?" Kenako anatembenukira kwa Changu. "Gwada apa ndikuuze."

Changu anagwada.

"Ine ndinakunyamula uli wakhanda, ndipo ndakhala ndikukutchula kwa ana anga kuti atengere iwe. Lero ndachita manyazi. Ngati sukulu ikukuphunzitsa kukhala pampando mayi ako ali pansi, ndiye kuti ikukuwononga. Mayi uyu anakusenza, anakuchapira matewera, anasoka mpaka maso kuwawa kuti iwe uvale yunifolomu. Nthawi yake yopuma ndi ino. Mwana akakula, kholo limakhala pansi. Ukamuzolowera mayi ako chonchi, mawa udzazolowera aliyense, ndipo palibe nyumba imene idzakusunge. Usaganize kuti anthu akuseka iwe wekha. Akuseka achimwene anga, akusekanso ine. Mayi ameneyu akadzatha ndi ntchito, mabuku akowo sadzakupatsa wina."

Ambiri mwa mawuwa anali oona, n'chifukwa chake anamulasa Changu. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Tsopano dzuka," anatero azakhali. "Landa chikolopa chija umalize khonde ine ndikuona."

5. Changu asankha

Amayi anali ataima pakhomo, chikolopa chikudontha madzi. Anachitambasulira kwa mwana wawo. "Tenga, mwanangu. Lero lokha. Tisakangane ndi alendo."

Changu anadziwa kuti silikhala lero lokha. Azakhali akabwera sankafulumira kubwerera, ndipo amayi akanangokhalanso pampando uja, kuwadzutsa kukanavuta kuposa poyamba. Kufotokoza chifukwa sakanatha, pakuti analonjeza.

Anaika manja kumbuyo. "Pepani, azakhali. Pepani, amayi. Sinditenga."



"Wati chiyani?" anafunsa azakhali.

"Ndati sinditenga, azakhali. Ndikuphikirani, ndikuphitsirani madzi osamba, ndichapa zovala zanu. Koma khonde ndi la amayi."

"Khonde ndi la amayi," azakhali anabwereza pang'onopang'ono. "Alamu, mwamva nokha. Chabwino. Iwe, kalongedze zovala zako. Ukakhala kwathu mpaka mwano umenewu utatha. Kuno nditumiza mwana wanga wamkulu, amene amadziwa kuti kholo ndi ndani. Alamu sadzagwiranso ngakhale kapu."

Apa m'pamene Changu analira poyera. Kukakhala kwa azakhali sikunamuopse kwenikweni. Chimene chinamuopsa n'chakuti msuweni wakeyo analinso ndi manja othamanga, ndipo mota akanaibwezera pamakina tsiku lomwelo. Anayang'ana amayi ake.

Amayi anayang'ana chikolopa, anayang'ananso mwana. Kenako anachiponya m'kandowa.

"Alamu, mwanayu musamulakwire. Ndinamutseka pakamwa ndine. Ndinagwa m'nyumba muno. Kuchipatala anandipeza ndi bipi, ndipo shuga anali atayamba kukwera. Anesi ndi amene anamuuza kuti asamandilande ntchito. Kuondaku ndikuchita kufuna."

Changu anamva kupepuka ngati munthu amene wamutula katundu. Koma azakhali sanali munthu wogonja msanga.

"Munagwa, ife osamva? Chabwino, zimenezo tikambirana. Koma wodwala anayamba liti kupatsidwa tsache? Wodwala amagona, amadya, anthu n'kumamusamala. Chipatala chimenecho n'chamtundu wanji? Mukupitanso liti?"

"Lolemba."

"Ndipita nawo. Ndikawaone ndi maso anga anesi olembera anthu chikolopa ngati mankhwala. Akakapanda kundiuza zomveka, zimene ndanena zichitika. Iwe, chikwama chako chikhale cholongedza."

Amayi anawerama, anatola kandowa kawo n'kubwerera pakhonde kukamaliza pamene anasiyira.

6. Tsiku lodikira

Lamulungu linali lalitali. Azakhali anadzuka ndi cholinga chobwezeretsa thupi la mlamu wawo. Anathira okha shuga mu tiyi wa amayi, masipuni odzaza, ndipo buledi anamupaka majarini mosaumira. Amayi anathokoza, anakankhira kapuyo kwa mlendo, n'kudzithirira tiyi wina.

Foni italira kukhitchini, azakhali anakuwa kuti, "Iwe, foni!" Koma amayi anali atadzuka kale. Amayi atatuluka ndi beseni la zovala, azakhali anakoka mpando n'kukhala pakhonde, kumaonerera maulendo a pakati pa beseni ndi chingwe. Anapirira kwa kanthawi, kenako zinawakanika.

"Alamu, bwanji osangosendeza beseni pafupi ndi chingwe? Nzeru imeneyi sifuna sukulu."

"Likakhala pafupi ndiye kuti ndayanika zovala zokha," anayankha amayi. "Likakhala kutali ndayanikanso mafuta."

Azakhali anafuna kuseka, koma anakumbukira kuti anali okwiya.

Madzulo amayi anapeza Changu kuchipinda akupinda zovala zake. Nkhope yake inali yakugwa.

"Ukuopa chiyani, mwanangu?"

"Nanga mawa anesi akakati palibe chasintha? Azakhali adzati ndakuvutitsani pachabe."

Amayi anakhala pabedi. "Za mawa sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzulo ndinakulakwira pokupatsa chikolopa chija. Ndinachita manyazi ndi azakhali ako, ndiye ndinafuna kuti iwe undibisire manyaziwo. Ukanatenga, bwenzi lero ndili pampando, ndipo sindikukhulupirira kuti ndikanadzukanso. Thupi limakonda kukhala, mwanangu, ndipo limadziwa kunyengerera mwini wake."

 Changu anamaliza kupinda zovala n'kutseka chikwama.

7. Pa sikelo

Lolemba m'mawa azakhali anati aitane takisi. Amayi anati iwo kuchipatala amapita wapansi, ndipo amene akufuna galimoto akawapeza komweko. Azakhali sanafune kuoneka ofooka, choncho anatsatira. Anaima panjira kangapo, ati kuti amange bwino nsapato, ngakhale nsapatozo zinalibe zingwe. Anafika ali wefuwefu.

Anesi anawazindikira atangolowa. "Mayi a makina aja. Vulani nsapato mukwere apa."

Amayi anakwera pa sikelo. Anesi anayang'ana, anayang'ananso kachiwiri, kenako anati, "Mwaonda, mayi."

Mawu amenewa anali atawawawa amayi kwa miyezi, koma m'chipinda muno anamveka mwina. Anaseka n'kunena kuti, "Zikomo."

"Musathokoze msanga. Sikelo ndi nkhani yaing'ono. Bweretsani mkono."

Anawamanga lamba woyezera magazi, ndipo lambayo anayamba kufufuma. Changu sankadziwa kuwerenga manambala a pa makinawo, choncho ankangoyang'ana nkhope ya anesi. Mtima wake unali m'mwamba. Atatha pamenepo, anesi anabaya amayi pachala kuti aone shuga.

"Magazi atsika," anatero anesi. "Sanafike pamene ndikufuna, koma achoka pamalo oopsa paja. Shuga wabwerera m'malo mwake. Mankhwala musasiye, ndipo ntchito musasiye. Mukasiya chimodzi, tibwerera pamene tinayambira. Koma lero ndikuuzani mosabisa kuti ndasangalala."

Changu anakhala pabenchi. Anali akuseka, misozi ikutsika. Mantha amene anakhala nawo kuyambira tsiku limene amayi anagwa anamuchoka, ndipo mtima wake unakhala pansi. Amayi anamusisita pamsana.

"Bambo ako ndiwaimbira lero," ananong'ona. "Tsopano ndili ndi chowauza chimene sichingawasokoneze pamsewu."

Azakhali anakonza pakhosi. Anali atabwera ndi mlandu, ndipo sanafune kubwerera nawo.

"Anesi, ndinu amene mukuphunzitsa ana mwano? Mwana uyu anandikanira pamaso panga. Ndinamuuza kuti alande ntchito kwa mayi ake, iye n'kuika manja kumbuyo."

"Mwano sindiphunzitsa, mayi," anayankha anesi. "Mwana uyu ndinamupatsa ntchito yovuta kuposa kukolopa. Kulanda tsache aliyense amatha, ndipo anthu amamuyamika. Koma kukhala pansi anthu akukunena, chifukwa chofuna kuti mayi ako akhale ndi moyo, si ana ambiri angathe. Kuthandiza makolo n'kwabwino, ndipo amene afooka kapena akalamba tiyenera kuwagwirira ntchito. Koma alamu anuwa sanakalambe. Anangokhazikidwa pansi nthawi isanakwane. Ambiri mwa anthu amene mwawaona pamzere panjapo ali ndi ana abwino kwambiri."

 Anesi anayang'anitsitsa azakhali.

"Inu mwalowa muno mukupuma movutikira. Mutu umakupwetekani kumbuyoku?"

"Nthawi zina. Koma ine ndangoperekeza."

"Operekezanso ali ndi mikono. Bweretsani."

Azakhali anapereka mkono monyinyirika. Anesi anayeza, anawauza kuti apume pang'ono, n'kuyezanso.

"Mayi, simunagwe, koma muli pafupi ndi pamene panali alamu anu tsiku lija. Mwachita mwayi kuti mwabwera. Muyamba mankhwala lero, ndipo zonse zimene alamu anu akuchita, inunso mukachite. Kwanu kuli ana?"

"Alipo," anayankha azakhali ndi mawu otsika kwambiri, amene Changu anali asanawamvepo. "Ndinawaphunzitsa bwino."

8. Chikwama cholongedza

Pobwerera azakhali sanatchule za takisi. Anayenda pang'onopang'ono, kapepala ka mankhwala kali m'manja, ndipo amayi ankachepetsa liwiro kuti asawasiye. 

Atafika pageti, mayi woyandikana nawo uja anasuzumira pampanda kuti amve mmene mlandu wathera. Azakhali anamupatsa moni waufupi n'kulowa. Anakhala pa sofa, anamwa madzi, kenako anaitana.

"Changu, bwera kuno. Usagwade, khala pampando."

Changu anakhala.

"Dzana ndinakunena kwambiri. Zina ndinanena zoona, koma ndinazinena kwa munthu wolakwika. Ukanandimvera, bwenzi nditawapweteka alamu ndi manja anga, ndikuyesa ndikuwathandiza. Wandikanira bwino, mwana wa achimwene. Koma usazolowere."

"Sindizolowera, azakhali."

"Kuno mwana wanga sabwera. Alamu azikolopa khonde lawo mpaka liwale. Koma chikwama chako usamasule."

Changu anadzidzimuka. "Ndikupitabe?"

"Holide ino yokha. Kwathu ndikangogwira tsache, ana anga adzalira ngati kwagwa maliro. Ndikawauza kuti andisiyire, adzayesa ndikuwayesa. Ndipo ine ndikudzidziwa, akandilanda kamodzi ndidzawapatsa. Ndikufuna munthu wouma mutu."

Changu anayang'ana amayi ake. "Nanga amayi ndiwasiya ndi ndani?"

"Undisiya ndi ntchito zanga," anayankha amayi. "Poyamba ndinkadzuka chifukwa unkandiumiriza. Masiku ano ndikakhala nthawi yaitali, miyendo imandinyong'onya yokha. Pita ukathandize azakhali ako. Ukabwera udzandipeza ndili moyo, ndipo siketi iyi ndidzakhala nditaibwezanso."

Changu anawakhulupirira, ndipo anasangalala kuti angathe kuchoka pakhomopo popanda mantha.

M'mawa mwake iye ndi azakhali anayenda wapansi mpaka kokwerera basi. Kwa azakhali kunali atsikana atatu ndi wantchito mmodzi, onse odziwa ntchito, ndipo panalibe amene anauzidwa kuti mlendo akubwera kudzawakhazika pansi.